Mlembi akasiya nkhani m'malere, ndi luso kapena n'kuthawa?

Nasibeko analemba:

Moni kwa nonse okonda kuwerenga. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndaona kuti ndi bwino kulitula kwa inu amene munayamba kale kuwerenga mabuku a nthano zazitali a ku America. Ndangomaliza kumene buku la Nella Larsen lotchedwa Passing, limene linatuluka m'chaka cha 1929. Amene simunaliwerenge mundikhululukire, pakuti funso langa silingafunsike popanda kuulula mathero ake.

Nkhaniyi ndi ya akazi awiri amene anadziwana ali ana ku Chicago, Irene Redfield ndi Clare Kendry. Onse awiri ndi oyera khungu kwambiri ngakhale kuti ali ndi makolo akuda. Irene anakwatiwa ndi dokotala wakuda ndipo amakhala ku Harlem, dera la mumzinda wa New York, pamene Clare anabisa mtundu wake n'kukwatiwa ndi mzungu wotchedwa John Bellew, munthu wodana kwambiri ndi anthu akuda. Kumapeto kwa bukuli kuli phwando m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yosanjikizana. Bellew akutulukira ali wolusa chifukwa wadziwa chinsinsi cha mkazi wake. Clare waima pafupi ndi zenera lotsegula, Irene akuthamangira pomwepo n'kumugwira pamkono, ndipo kamphindi kotsatira Clare wagwera pansi n'kufa.

Bukulo silinena ngati Irene anamukankha, ngati Clare anadziponya yekha, kapena ngati anangogwa pobwerera m'mbuyo. Ndinabwereza masamba omalizawo katatu poganiza kuti mwina pali chiganizo chimene ndachidumpha, koma palibe. Poyamba ndinakwiya ndithu, chifukwa ndinaona ngati mlembi wandiperekeza ulendo wonse kenako n'kundisiya pamphambano kunja kutada. Chodabwitsa n'chakuti mkwiyowo utatha bukulo silinachoke m'mutu mwanga, pamene mabuku ena amene anandilongosolera zonse ndinawaiwala sabata yomweyo.

Nditatero ndinatenga The Sound and the Fury la William Faulkner, limene linatulukanso mu 1929 momwemo, koma ndinalitula ndisanamalize gawo loyamba. Kumeneko vuto linali pachiyambi penipeni. Sindinkadziwa kuti ndili m'chaka chiti, sindinkadziwa amene akuyankhula, ndiponso dzina loti Quentin linkaoneka ngati la mwamuna pa tsamba lina, n'kuonekanso ngati la mtsikana pa tsamba lotsatira.

Funso langa lili pawiri. Kodi chimene chinandichitikira m'mabuku awiriwa ndi chinthu chimodzi? Nanga wowerenga angasiyanitse bwanji mlembi amene wasiya dala khomo lotsegula chifukwa nkhani yake ikufuna zimenezo, ndi mlembi amene wasowa pomalizira ndiye wangobisala m'nkhungu?

Chisale anayankha:

A Nasibeko, mwasankha buku loyenera kuyambirapo. Yankho langa liyambira pa funso limene ambirife timalidumpha tikamawerenga, loti nkhaniyi tikuionera m'maso mwa yani. Mu Passing mfotokozankhani si Irene, chifukwa bukulo limati "iye" osati "ine", koma mfotokozankhaniyo anadzimangirira kwa Irene kotero kuti salowa m'mutu mwa munthu wina aliyense. Za mumtima mwa Clare sitizimva kupatula zimene wanena pakamwa kapena kulemba m'makalata ake. Pamwamba pa zimenezo, maganizo a Irene amalowerera m'ziganizo za mfotokozankhani popanda chizindikiro chochenjeza kuti apa ndi Irene akuganiza. Choncho chiganizo chikanena kuti Clare ndi wodzikonda, wowerenga amachilandira ngati choonadi chochokera kwa mlembi, chonsecho ndi chiweruzo cha mkazi amene wagwidwa ndi mantha komanso nsanje.

Taonani nkhani ya chibwenzi ija. Irene watsimikiza mumtima kuti mwamuna wake Brian akuyenda ndi Clare, koma mukafufuza m'bukumo simupeza umboni wogwirika, ndipo Irene mwiniwake amafika povomereza kuti sanaone kanthu kapena kumva kanthu. Komabe owerenga ambiri amatseka bukulo atakhulupirira kuti chibwenzicho chinalipo, chifukwa choti akhala m'mutu mwa Irene nthawi yaitali mpaka kukayikira kwake kwasanduka kwawo.

Tsono tikafika pa zenera paja, bukulo limanena mosabisa kuti zimene zinachitika kenako Irene sanadzilole kuti azikumbukire bwinobwino. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Larsen wangosunga lamulo limene anadziikira kuyambira tsamba loyamba, loti tidzaona zokhazo zimene Irene akulola kuona. Akanati atulutse mfotokozankhani m'mutu mwa Irene pa tsamba lomaliza kuti atiuze mmene zinakhalira, pamenepo m'pamene akanatichita chinyengo, chifukwa akanaphwanya pangano limene tayenda nalo buku lonse. Mpata umene mukuuona kumapetoko uli mwa Irene. Ndi mkazi amene moyo wake wonse unamangidwa pa kusayang'ana zinthu zimene zingagwedeze mtendere wa banja lake, ndipo pa ola lalikulu kwambiri wachitanso chimodzimodzi.

Katswiri wina wa zolembalemba, Wayne C. Booth, m'buku lake la 1961 lotchedwa The Rhetoric of Fiction, ndiye anabweretsa dzina loti mfotokozankhani wosadalirika. Chitsanzo chimene ambiri amachitchula ndi Nick Carraway wa mu The Great Gatsby, buku la F. Scott Fitzgerald la 1925. Nick amayamba n'kutiuza kuti safulumira kuweruza anthu, ndipo pena amadzitcha mmodzi mwa anthu ochepa oona mtima amene anawadziwapo, koma buku lonse akungoweruza, ndiponso akuthandiza kukonza malo oti Gatsby akumanirepo ndi mkazi wa mwini. Larsen anachita chinthu chovuta kuposa pamenepa, chifukwa munthu wonena kuti "ine" timamukayikira msanga, pamene mawu onena kuti "iye" timawakhulupirira osaganizira kawiri.

Za Faulkner, ndinganene kuti chimene chinakugwetsani ulesi ndi china. Gawo loyambalo akulifotokoza Benjy Compson, mwamuna wa zaka 33 amene ali ndi ulumali wa ubongo ndipo sasiyanitsa lero ndi kale. Akamva anthu osewera gofu akuitana wonyamula ndodo zawo, amene m'Chingerezi amatchedwa caddie, mawuwo amamveka ngati dzina la mlongo wake Caddy, ndipo nthawi yomweyo iye wabwerera zaka zambiri m'mbuyo, nafenso tabwerera naye. Uku ndi kuvuta kwa kawerengedwe, ndipo kumatha. A Quentin alipodi awiri: mchimwene wake wa Benjy amene anadzipha mu 1910 ali pasukulu ku Harvard, ndi mwana wamkazi wa Caddy amene anapatsidwa dzina la malume akewo. Mukangodziwa zimenezi nkhungu yambiri imayera. Passing ndi buku losavuta kuwerenga koma mfundo yake simasuka ngakhale mutaliwerenga kakhumi, pamene gawo la Benjy ndi lovuta kuwerenga koma limamasuka. Chimene sichimasuka mwa Faulkner chili pena. Abale atatu a Caddy aliyense anapatsidwa gawo lake loti ayankhule, gawo lachinayi likutsata kwambiri wantchito wapakhomo Dilsey, koma Caddy, amene onse akumulira kapena kumutukwana, sanapatsidwe gawo. Timamudziwa kudzera mwa amuna atatu amene aliyense akumufuna pa zifukwa zake.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu. Ndikamaliza buku lotere ndimabwerera m'mbuyo kukatola umboni wa tanthauzo lililonse. Ngati tanthauzo lililonse lili ndi mizu yake m'masamba oyambirira, ndiye kuti mlembi anachita kumanga. Ngati kukayikitsako kwangomera pa tsamba lomaliza popanda muzu, ndiye kuti anathawa.

Mbewe anayankha:

Pa Larsen ndikugwirizana ndi a Chisale, koma muyeso wawowo ndikuuona kuti ndi womasuka kwambiri, moti mabuku ena amene sayenera kudutsa adzadutsa. Ndipereke chitsanzo cha The Crying of Lot 49, buku la Thomas Pynchon la 1966. Mkazi wina wa ku California, Oedipa Maas, wasankhidwa kuti ayendetse chuma chamasiye cha bwenzi lake lakale, Pierce Inverarity. Pogwira ntchitoyo akuyamba kuona paliponse zizindikiro za gulu lachinsinsi lotumiza makalata lotchedwa Tristero. Mwina gululo lilipodi, mwina malemuyo anakonza zonsezi kuti amuseweretse, mwina mutu wa Oedipa wasokonekera. Bukulo likuthera m'chipinda chogulitsiramo katundu mopikisana mitengo, Oedipa atakhala pansi kudikira kuti mulu wa masitampa wa nambala 49 uitanidwe, ndipo sitimva n'komwe amene anabwera kudzaugula. Umboni wa tanthauzo lililonse ulimo, wochuluka kuposa umene munthu angausenze. Pa muyeso wa a Chisale bukuli lakhoza. Koma ine nditalimaliza ndinamva ngati munthu amene wapatsidwa mfundo yoti amasule, chonsecho womangayo anaimanga dala kuti isamasuke.

Ine ndimatsamira pa zimene Ernest Hemingway analemba mu Death in the Afternoon mu 1932, pamene anayerekeza nkhani yabwino ndi phiri la madzi oundana loyandama panyanja, limene gawo limodzi lokha mwa magawo 8 ndilo limaoneka pamwamba. Anthu amakonda kutchula fanizoli koma amaiwala mbali yake yachiwiri. Iye anati mlembi angasiye zinthu zimene akuzidziwa ndipo wowerenga adzazimvabe, koma amene akusiya zinthu chifukwa sazidziwa amangosiya mapanga m'nkhani yake. Mu nkhani yake yaifupi ya 1927 yotchedwa Hills Like White Elephants, mwamuna ndi mkazi akudikira sitima pa siteshoni ina ku Spain ndipo akukangana za opaleshoni imene saitchula dzina. Mawu oti kuchotsa mimba mulibe, koma wowerenga watcheru sasochera. Chosanenedwacho chilipo ndithu pansi pa madzi.

Ndikuopanso kuti mbali ina ya ulemu umene timapereka ku mabuku osamaliza nkhani inachokera m'makalasi osati kwa owerenga wamba. The Turn of the Screw la Henry James linatuluka mu 1898, ndipo ambiri ankaliwerenga ngati nkhani ya mizukwa. Mu 1934 katswiri wa zolembalemba Edmund Wilson analemba nkhani yonena kuti mizukwayo ili m'mutu mwa mlezi wa ana a m'bukumo, ndipo kuyambira pamenepo mtsutsowo sunathe. Buku limene mtsutso wake sutha limapatsa aphunzitsi ndi ophunzira cholemba chaka ndi chaka, ndipo alembi achinyamata amaona zimenezi n'kuphunzira kuti kusamaliza kumalemekezedwa. Maganizo anga ndi oti mlembi ayenera kudziwa yekha chimene chinachitika, ngakhale asatiuze. Ndikukhulupirira kuti Larsen ankadziwa ngati Irene anakankha kapena ayi.

Nankhoma anayankha:

A Mbewe, ndawerenga mawu anu mwachidwi, ndipo chenjezo lanu la alembi otengera ndalimva. Koma lamulo loti mlembi azidziwa yankho lili ndi vuto loti palibe njira yoliyesera. Larsen anamwalira mu 1964, ndipo ngakhale akanasiya kalata yonena kuti Irene anakankha, buku limene tili nalo m'manja likanakhala lomweli. Kuwonjezera apo, pali nkhani zina zimene kusadziwa ndiye mutu wake weniweni, ndipo kumeneko mlembi wodziwa zonse akanakhala wabodza.

Ndikuganiza za Beloved, buku la Toni Morrison la 1987. Linachokera pa nkhani yoona ya Margaret Garner, kapolo amene mu Januwale 1856 anathawa ku Kentucky ndi banja lake n'kuwoloka mtsinje wa Ohio utaundana kupita ku Cincinnati. Ofuna kuwagwira atawazinga, mothandizidwa ndi lamulo la 1850 lokakamiza kubweza akapolo othawa, iye anapha mwana wake wamkazi kuti asabwerere ku ukapolo. Morrison anapeza nkhaniyi m'nyuzipepala yakale pamene ankakonza buku lotchedwa The Black Book, limene linatuluka mu 1974. Zolembedwa za nthawi imeneyo zinasunga mawu a maloya, abusa ndi atolankhani ochuluka, koma za mwana wophedwayo zinasunga zochepa kwambiri. Tsono m'buku la Morrison, m'chaka cha 1873, pakhomo pa Sethe, mayi amene anathawa ku ukapolo, pakufika mtsikana wodzitcha dzina lomwe linalembedwa pa mwala wa pamanda a mwana amene Sethe anamupha. Ali ndi chipsera pakhosi, akudziwa nyimbo imene Sethe anapekera ana ake, ndipo akufunsa za ndolo zimene mlendo sakanazidziwa. Pamenepa aliyense anganene kuti ndi mwana uja wabwera kuchokera kwa akufa. Koma mkulu wina m'bukumo, Stamp Paid, akutchula za mtsikana amene mzungu wina anamutsekera m'nyumba kuyambira ali mwana, amene anasowa mzunguyo atapezeka atafa. Ndiye pamene mtsikanayo wapatsidwa mpata woyankhula yekha, zimene akukumbukira ndi za m'sitima yonyamula akapolo panyanja, anthu atapanikizana pamodzi ndi mitembo, zinthu zimene mwana wa Sethe sakanaziona.

Matanthauzo atatuwa sakulimbirana malo ngati mmene zilili pa zenera la Larsen, pamene dzanja linakankha kapena silinakankhe. Apa akuunjikana. Mtsikanayo ndi mwana mmodzi wa mayi mmodzi, komanso wasenza anthu ochuluka amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Morrison akanasankha tanthauzo limodzi, bukulo likanachepa: likanakhala nkhani ya mzukwa chabe, kapena nkhani ya mayi wosweka mtima amene wanamizidwa ndi mlendo. Choncho ndikuona kuti tikulakwitsa tikamaika mitundu yonse ya kusamasula m'thumba limodzi.

Pali mtundu winanso umene cholinga chake ndi wowerenga mwiniwake. Mu nkhani yaifupi ya Morrison ya 1983 yotchedwa Recitatif muli atsikana awiri, Twyla ndi Roberta, amene anakumana kunyumba yosungirako ana. Timauzidwa kuti mmodzi ndi wakuda ndipo wina ndi mzungu, koma sitiuzidwa kuti wakuda ndi uti. Wowerenga amayamba kusaka zizindikiro m'zakudya, m'tsitsi, m'nyimbo zimene amakonda ndi m'ntchito za amuna awo, ndipo posakhalitsa amadzigwira yekha akugwiritsa ntchito maganizo a tsankho amene ankayesa kuti alibe. Buku lake la 1997, Paradise, limayamba ndi kuomberedwa kwa mtsikana wachizungu pakati pa akazi okhala m'nyumba imodzi, ndipo silinena kuti mwa akaziwo mzungu ndi uti. A Mbewe, apa tinene kuti Morrison ankadziwa. Kudziwa kwakeko kukutithandiza chiyani? Ntchito yonse ikuchitika mwa ife pamene tikuyesa kulota.

Tim O'Brien, amene anamenya nawo nkhondo ku Vietnam, anafika patali kuposa pamenepa mu In the Lake of the Woods, buku la 1994. John Wade ndi wandale amene wagwa pachisankho zitaululika kuti analipo pa kuphedwa kwa anthu wamba ku My Lai, mudzi wa ku Vietnam, mu 1968, ndipo mkazi wake Kathy akusowa ali kunyanja kumpoto kwa Minnesota. Bukulo lili ndi mitu ina yongopereka umboni ndi ina yongoyerekeza zimene mwina zinachitika: mwina anasochera pa boti, mwina anamuthawa mwamunayo, mwina mwamunayo anamupha. Mfotokozankhani mwiniwake amavomereza m'mawu a m'munsi mwa masamba kuti wafufuza kwa zaka koma sakudziwa. Munthu amene anatha zaka zambiri akufufuta mbiri yake, mpaka kusintha zolembedwa za usilikali kuti dzina lake lisaoneke, wafika poti ngakhale iye mwini sangadalire chikumbumtima chake. Yankho loti anapha kapena sanaphe likanatipumitsa, ndipo O'Brien sakufuna kuti tipume pa nkhani ya My Lai.

Pynchon sindimukonda kwenikweni, koma ndimuikire kumbuyo pang'ono. Buku lake linatuluka patangopita zaka zosakwana zitatu Pulezidenti Kennedy ataphedwa mu 1963, pa nthawi imene anthu ambiri a ku America sankadziwa ngati akuona chiwembu chenicheni kapena akungolumikiza zinthu zosagwirizana. Oedipa ali m'vuto lomwelo, ndipo chomuopsa kwambiri n'chakuti mwina kulibe chiwembu chilichonse, dziko langokhala lopanda tanthauzo. Funso limene ine ndimafunsa m'malo mwa la a Chisale ndi la a Mbewe ndi loti, bukuli likanayankha, likanataya chiyani? Likakhala kuti silikanataya kanthu, ndiye kuti kusayankhako ndi kudzikometsera chabe.

Mbewe anayankha:

Mayi Nankhoma, pa Beloved mwandigonjetsa, ndipo kusiyanitsa kwanu matanthauzo olimbirana malo ndi matanthauzo ounjikana ndikutenga. Pa Pynchon sindinasunthe. Ndikuvomera kuti mantha a Oedipa ndi a nthawi yake, koma mwa Sethe ndi mwa Irene muli munthu amene ndikumudera nkhawa, ndipo kusadziwa kwanga kukundipweteka chifukwa cha munthuyo. Oedipa ndimamuona ngati chida chimene mlembi akuyendetsera masewera ake. Mwina kusiyana kwathu kwagona pa zimene aliyense amafuna m'buku, osati pa luso la mlembi.

Nasibeko anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndinatsatira malangizo a a Chisale ndipo ndabwereza gawo lomaliza la Passing ndi pensulo m'manja. Zimene ndapeza zandidabwitsa. Zenera lija analitsegula ndi Irene yemwe, phwando lili mkati. Ataima pomwepo anamaliza kusuta ndudu yake, anaiponya kunja n'kumayang'ana kamoto kake kakutsikira pansi pa chipale chofewa, ndipo patangopita masamba ochepa Clare, amene wavala zofiira, akufanizidwa ndi lawi la moto limene linalipo kenako n'kuzima. M'mbuyomo, tsiku limene Irene anayamba kukayikira mwamuna wake, kapu inagwa m'manja mwake n'kusweka, ndipo iye anauza mlendo wina kuti anali atafuna kale njira yoichotsera kapuyo. Komanso anakumana ndi Bellew mumsewu ali ndi mnzake wakuda, anadziwa kuti chinsinsi cha Clare chili pangozi, koma sanamuchenjeze.

Zonsezi zikuloza kwa Irene. Komabe Clare anali atanena kale kuti kuti apeze chimene akufuna angachite chilichonse ndi kutaya chilichonse, ndipo pamene mwamuna wake akumukalipira iye akuoneka wodekha, akumwetulira pang'ono, ngati munthu amene wasankha kale chochita. Ndaonanso kuti ngakhale zitakhala kuti dzanja la Irene silinakankhe, iye anali atafuna kale mumtima kuti Clare achoke, ndipo akutsika masitepe mantha ake aakulu anali oti mwina Clare sanafe. Pa funso la Mayi Nankhoma, ndikuganiza kuti bukuli likanayankha likanataya chimenechi, chifukwa tikanauzidwa kuti sanakankhe tikanamumasula, pamene mlandu wake unayamba kale asanafike pa zenera. Tsopano ndikufuna kubwerera kwa Faulkner. Kodi pali chogwirira chimene chingandithandize m'gawo la Benjy?

Chisale anayankha:

A Nasibeko, mwawerenga bwino kwambiri, ndipo za ndudu ija ambiri saziona ulendo woyamba. Ndiwonjezere kanthu kamodzi pa Passing musanaliike pashelefu. Taonani mmene buku lanulo lathera, chifukwa si onse amene anasindikizidwa amathera pamodzi. Ena amathera pamene Irene wakomoka ndipo zonse zada. Ena ali ndi kandime kena pambuyo pake, m'mene bambo wina waudindo akunena kuti imfayo ikuoneka ngati ngozi ndipo akuti apite akaonenso zenera lija. Kandime kameneka kamasintha kakomedwe ka mathero, chifukwa mumamva dziko likutseka mlandu mofulumira pamene inu mukudziwa zimene zili mumtima mwa Irene. Mu 1986 katswiri wa zolembalemba Deborah McDowell anaonetsanso kuti mmene Irene amayang'anira Clare, kukongola kwake, maso ake ndi milomo yake, zikhoza kusonyeza chikondi chimene Irene sangachivomereze ngakhale kwa iye mwini. Mukaliwerenga ndi diso limenelo, nsanje ija imatembenuka, ndipo simudziwanso kuti akuchitira nsanje yani.

Tsono za Benjy. Chogwirira choyamba ndi anyamata amene akumusamalira, chifukwa amasintha malinga ndi msinkhu wake. Mukaona Versh, Benjy ndi mwana wamng'ono. Mukaona T.P., ndi mnyamata wosinkhukirapo, nthawi ya ukwati wa Caddy mu 1910 ndi zaka zoyandikana nayo. Mukaona Luster, muli pa tsiku lenileni la gawolo, pa 7 Epulo 1928, pamene Benjy akukwanitsa zaka 33 ndipo Luster akusakasaka kandalama kamene wataya kuti akaonere chionetsero. Chachiwiri ndi dzina: akamatchedwa Maury ndiye kuti muli kale kwambiri, mayi ake asanamusinthe dzina atazindikira za ulumali wake. Chachitatu ndi zilembo zopendekera, zimene kawirikawiri zimasonyeza kuti nthawi yasintha, ngakhale kuti Faulkner sanazigwiritse ntchito pa kusintha kulikonse. Iye ankalakalaka kuti nthawi zosiyanasiyanazo zisindikizidwe ndi inki ya mitundu yosiyana, koma m'masiku akewo sizinatheke.

Musayese kumvetsa chiganizo chilichonse ulendo woyamba. Benjy sanama ndipo samasulira. Amangonena zimene waona, wamva ndi kununkhiza, moti mwa abale atatuwo iye ndiye mboni yokhulupirika kwambiri, kuposa Jason amene gawo lake ndi losavuta kuwerenga koma ladzaza ndi chidani komanso kudzilungamitsa. Mukafika pa tsiku la maliro a agogo awo, pamene ana auzidwa kuti asalowe m'nyumba ndipo Caddy wakwera mumtengo kuti asuzumire pazenera, abale ake ali pansi akuyang'ana kabudula wake wamkati wodetsedwa ndi matope, muchepetse liwiro. Faulkner ananena kuti buku lonse linayambira pa chithunzi chimenecho. Mukadutsa pamenepo mudzatiuze ngati Quentin wa gawo lachiwiri mwamupeza wosavuta kuposa Benjy, chifukwa ine anandivuta koposa.